Chaka Chimene Mababu Anayamba Kulankhula

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga, poti mumati ndikamakamba pakhonde nkhani zimasinthasintha. Chabwino, ndalemba. Za ubwana wanga ku Khonjeni ndazisiya dala, amayi anu amazidziwa kuposa ine chifukwa anazimva kwa apongozi awo. Ndiyambira pomwe ndinagwira waya koyamba.

Nthawi ya chipani chimodzi

Ndinalowa ntchito pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa ndili ndi pepala la zamagetsi la giredi yotsikitsitsa komanso nsapato zobwereka kwa amalume. Kapitawo wa wekishopu anali a Mulinde, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankalankhula Chilomwe akapsa mtima, Chizungu akakondwa. Tsiku loyamba sanandifunse za sukulu. Anandipatsa makwerero ndi katoni ya mababu n'kunena kuti, "Mulipa, pita kofotetsera masamba, babu lililonse lakufa ulisinthe. Ukamagwa ugwere pamasamba, osati pasimenti." Kofotetserako ndi chipinda chapamwamba cha fakitale, chachitali ngati bwalo la mpira, komwe masamba aawisi amayalidwa m'matirafu, zimabokosi zazitali zotsegula pamwamba, mafani n'kumawauzira mphepo kuti afote. Fungo la kumeneko linandilowa m'zovala tsiku lomwelo ndipo silinachokemo mpaka ndinapuma. Mababu a nthawi imeneyo anali achikasu aja, otentha ngati mbatata yootcha, ndipo ankafa pafupipafupi chifukwa fakitale yonse imanjenjemera makina akamayenda. Zala zanga zinachita matuza, kenako zikang'a, kenako zinasiya kumva.

Kunali babu lina ku sotingi, komwe tiyi wouma amasefedwa ndi kupatulidwa magiredi, limene linkandizunguza mutu. Sabata iliyonse ankandiitana kuti lathima. Ndikakwera, ndinkapeza babulo lili lamoyo, langomasuka pang'ono basi. Ndinasintha holuda, ndinasintha waya, koma ayi. A Mulinde atamva dandaulo langa anapita kukaona okha. Anabwerako akuseka, akulankhula Chizungu chokhachokha, kenako anati, "Vuto la babu lako lavala duku lobiriwira. Ukapitanso usayang'ane kudenga, uyang'ane pansi." Mtsikana wa duku lobiriwirayo ankakwera pabokosi la tiyi nthawi yopuma n'kulipotokola babulo ndi kansalu. Mpaka lero amayi anu amakana, amati linali kunjenjemera kwa makina.

Matipate atabwera

Anandisamutsira ku divishoni yaing'ono ya mbali ya ku Nsabwe. Kunalibe fakitale, kunali mapampu a madzi, kadispensale, nyumba za ogwira ntchito ndi nyumba yaikulu ya manijala. Manijalayo anali mzungu wachikulire amene anthu anamutcha Mawamawa, chifukwa chilichonse ukapempha yankho linali loti mawa. Sanali woipa mtima, koma zinthu zinkasowadi. Tinali titasiya mababu achikasu n'kuyamba machubu aataliatali aja, ndipo nthawi zina m'dziko muno munkasowa machubuwo ndi timasitata take toyatsira miyezi yathunthu. Magetsi akathima, dizilo wa jenereta ankayezedwa ngati mankhwala. Ndinaphunzira kudzutsa zinthu zakufa: mota ya pampu ndinkaikulunganso waya, swichi imodzi ndinkaipanga kuchokera ku zitatu zowonongeka.

Tsiku lina namwino wa padispensale anandipeza kupampu. Anati chubu chomaliza cha m'chipinda chochirira amayi chafa, ndipo pali amayi awiri oyembekezera amene masiku awo akwana. Kusitolo kunalibe kanthu. Ndinapita kwa Mawamawa, ndinawapeza akumwa tiyi pakhonde, pamwamba pawo pali machubu anayi abwinobwino. Ndinafotokoza, iwo n'kuyamba kunena kuti mawa. Ine ndinangoyang'ana kudenga. Iwonso anayang'ana kudenga. Kenako anadzuka, anakatenga mpando wa m'khitchini n'kundigwirira okha ine ndikumasula. Anati nditenge awiri, ndinatenga atatu, ndipo anachita ngati sakudziwa kuwerenga. Inu a Chisomo munabadwira pansi pa chimodzi mwa machubu amenewo patapita miyezi yochepa.

Kubwerera ku fakitale

A Mulinde atapuma anandibwezera ku fakitale yaikulu kukhala mkulu wa amagetsi. Mabwana anasintha kangapo, ena okalipa, ena ongodutsa, mpaka anabwera bwana Sambani, Mmalawi mnzathu, munthu wodekha wokonda kuganiza kawiri asanachite kanthu. Ndi iwo amene analamula kuti tichotse machubu onse tiike mababu a LED. Ntchito imeneyo ndinaikonda. Babu losatentha, losafa msanga, loyaka pompopompo ukangodina, ndinkaona ngati andipatsa mphoto ya zala zanga zakale zija.

Koma panali vuto limene mababu sakanathetsa. Mtima wa fakitale ya tiyi ndi dilaya, chimakina chowumitsira tiyi ndi mpweya wotentha. Kutentha kukapitirira pang'ono tiyi amapserera, kukachepa amatuluka wachinyezi n'kuwonongeka m'matumba. Kapitawo wa shifiti sangaime padilaya tsiku lonse, amayenera kuzungulira fakitale yonse, ndiye nthawi zambiri ankamva za vuto tiyi atapserera kale. Anayesa waifai kuti manambala a kutentha azimufikira patabuleti kulikonse komwe ali, koma fakitale ndi malata okhaokha ndi mamota akuluakulu, netiweki inkangodukaduka. Manambala ankafika mochedwa, kapena osafika n'komwe.

Chaka changa chomaliza

Kutatsala chaka kuti ndipume, kunabwera mayi Namate, mphunzitsi wa zaumisiri kukoleji ina ku Blantyre. Anali atagwirizana ndi kampani kuti ayese njira yatsopano m'fakitale mwathu, ndipo bwana Sambani anandiuza kuti ndigwire nawo ntchito. Anafika m'nyengo yotentha, mvula isanayambe, atavala ovolosi ndi magambuti, atanyamula katoni ya timabokosi. Tinakhala pabenchi la kuwekishopu ndipo anayamba ndi funso.

"A Mulipa, babu la LED mukalizimitsa ndi kuliyatsa, limachedwa kumvera?"

"Ayi mayi, limamvera pompo. Si ngati machubu aja ankayamba aphethiraphethira."

"Ndiye taganizani kuti tikulithimitsa ndi kuliyatsa mofulumira zedi, kambirimbiri inu musanathe n'kuphethira komwe. Diso lanu lingoona kuwala wamba. Koma kachipangizo aka kali ndi diso lofulumira kuposa lathu. Kamaona kuthima ndi kuyaka konseko n'kukusandutsa manambala, mawu, ngakhale kanema. Anthu amati laifai."

Ndinaganiza pang'ono, kenako ndinafunsa ngati zili ngati madalaivala akamaphethirirana magetsi pamsewu wa Thyolo pouzana kuti kutsogolo kuli apolisi. Anaseka n'kuti, "Ndi zomwezo. Kungoti dalaivala wathuyu amatha kumuwerengera mnzake nyuzipepala yonse galimoto zisanadutsane."

Tinayesa kaye kuwekishopu. Tinakoka waya kuchokera kudilaya, komwe kunali zoyezera kutentha ndi kakamera koyang'ana palamba pogwera tiyi, n'kuulumikiza ku kabokosi koyendetsa babu la kudenga. Mayi Namate anandipatsa tabuleti yokhala ndi kadiso kaja n'kundiuza kuti ndiime pansi pa babulo. Ana anga, ndinaona tiyi akugwa m'dilaya ndili kuwekishopu, chithunzi choyera, chosadukaduka. Tinatuma mnzanga kuti akaike dzanja patsogolo pa kamera, ine ndikumuona pawindo. Dzanja la pawindo ndi la patabuleti ankayendera limodzi. Nditaphimba kadisoko ndi chala chithunzi chinaima, nditachotsa chinapitirira. Ndinachita zimenezo kangapo ngati mwana. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti babu ndi loonetsa basi, ndipo apa, imvi zili mbuu, ndinapeza kuti lili ndi pakamwa.

Sabata yotsatira bwana Sambani anandiitanira kuofesi n'kutseka chitseko. Anati, "A Mulipa, timabokosi timeneti muike m'fakitale monse masamba asanachuluke. Koma anthu asadziwe. Wofunsa mumuuze kuti tikungokonza mawaya." Ndinkamvetsa chimene ankaopa. Zaka zochepa m'mbuyomo dera lathu linadutsa m'nyengo yoipa ya mphekesera za anamapopa, pomwe mlendo aliyense wonyamula zipangizo zachilendo ankathamangitsidwa, ena kumenyedwa kumene. Bwanayo anaonapo ndi maso awo galimoto ikugendedwa. Anati mawu oti babu likulankhula akangotuluka pageti, pofika kumsika adzakhala atasanduka chinthu china, ndipo mayi Namate sadzayendanso mwamtendere kuno. Ndinati ndamva, ndinatuluka.

Koma nkhaniyo sinandichoke m'mutu. Ndinawauza amayi anu tikuchokera kutchalitchi, tikuyenda m'kanjira ka pakati pa tiyi. Anaima n'kundiyang'ana. "Abambo a Chisomo, ine ndinagwira ku sotingi. Kumene kuja kulibe chinsinsi. Tsiku lomwe adzaone kapitawo akufunafuna pansi pa babu ndi tabuleti yake, dzuwa lisanalowe nkhani idzakhala itafika ku Khonjeni. Ndipo funso loyamba lidzakhala loti anakwera makwerero ndani." Ankanena zoona. Bwana akanatha kusamutsidwa, mayi Namate akanabwerera ku Blantyre, koma ine ndinkapita kukakalamba pakati pa anthu omwewo. Chachikulu china, anthu aja ankandikhulupirira. Ndikanena kuti waya uyu alibe moto, ankamugwira osaganiza kawiri. Komano mbali inayi, bwana Sambani ndi amene ankayenera kusaina mapepala anga opumira, ndipo anali atandilonjeza kuti ndikapuma azindiitanabe pa maganyu. Munthu amene watsala pang'ono kufika safuna kukangana ndi woyendetsa.

Lolemba ndinagogoda kuofesi. Ndinati, "Bwana, ntchitoyi ndikuifuna kuposa wina aliyense. Koma sindikwera makwerero anthu asanauzidwe. Akadzazitulukira okha, palibe amene adzawabweze." Nkhope yawo inasintha. Anati akhoza kuitana kontilakitala ku Blantyre. Ndinati akhozadi. Anandiuza kuti ndituluke, ndipo sabata yonseyo ankandidutsa ngati mzati. Amayi anu akhoza kukuuzani kuti masiku amenewo chakudya chinkabwerera kukhitchini. Mayi Namate atabweranso anadabwa kupeza timabokosi tija tikadali m'katoni. Sankadziwa kuti ntchito yawo imafunika kubisidwa. Anapita okha kwa bwana n'kunena kuti iwo ndi mphunzitsi, kufotokozera anthu ndiye ntchito yawo, ndipo akuopa chinsinsi kuposa mafunso. Madzulo ake bwana Sambani anandipeza kujenereta. "Lachisanu posinthana shifiti," anatero. "Koma zikavuta, a Mulipa, ndi mutu wanu."

Ku sotingi kunali mayi Makwinja, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene azimayi onse ankawamvera kuposa kapitawo. Ndinadziwa kuti iwo akakana, fakitale yonse yakana. Ndinawapeza pampopi, tinapatsana moni wa Chilomwe, kenako ndinawapempha kuti Lachisanu abweretse tochi ya kunyumba kwawo. "Tochi yanga ikalakwa chiyani?" anafunsa. Ndinati ikayankha yokha. Ine ndinatsitsa kasola ka padenga la nyumba yathu, ndinabwereka sipika yaikulu ya kwaya, ndipo tinaika zonse patebulo pakati pa sotingi.

Anthu anadzaza, a shifiti yotuluka ndi yolowa, ena ataima pamatumba. Bwana anaima pafupi ndi khomo, ndipo ndinaona kuti galimoto ya mayi Namate aiimika choyang'ana kugeti. Ndinayamba ine. Ndinati ndine Mulipa, mukundidziwa, ndakuikirani mababu kuyambira ena a inu musanabadwe, lero pali chinthu chatsopano ndipo sindinafune kuchiika pamwamba pa mitu yanu musanachione. Mayi Namate anafotokoza mwa Chichewa chosavuta, anatchulanso za madalaivala aja. Kenako mayi Makwinja anapinda manja.

"Mwati babu lizilankhula. Chinthu cholankhula chimamvanso. Lizimva zimene tikukamba muno n'kukanena kuofesi?"

"Ayi mayi," anayankha mayi Namate. "Lilibe khutu, lilibe diso. Limangotulutsa zimene talipatsa, ngati wailesi. Kamera ilipo imodzi, ili kudilaya, ikuyang'ana tiyi. Tikatha pano tipite mukaione."

Kumbuyo munthu wina anafunsa chapansipansi za magazi, wina za kubereka. Palibe amene anaseka. Mayi Namate anayankha modekha kuti ndi kuwala komweko kumene akhala akugwirira ntchito zaka zonsezi, palibe chowonjezera cholowa m'thupi. Kenako anapempha tochi ija. Inali tochi ya pulasitiki ya kumsika, yomangidwa ndi mphira pothyoka. Anaitsegula anthu akuona, analumikiza timawaya tiwiri topita ku kabokosi, kabokosiko n'kukalumikiza kufoni yawo. Mbali inayi ine ndinalumikiza kasola ku sipika. Pakati pa tochi ndi kasola panalibe waya aliyense, ndipo ndinadutsapo kawiri kuti onse aone.

"Mayi Makwinja, tengani tochi yanu muunike pa solapo," anatero mayi Namate.

Anaitenga ndi nsonga za zala, mkono atautambasula kutali ndi thupi. Kuwala kutangogwera pa kasola, sipika inaphulika ndi nyimbo ya ng'oma ndi magitala, ya mtundu umene timavina paukwati. Mayi Makwinja anadzidzimuka n'kuloza tochi kudenga, nyimbo inathima. Anaibweza, inayambanso. Anaika chikhatho kutsogolo, zii. Anachotsa, ng'oma. Anayang'ana tochi yawo, anayang'ana ine, kenako phewa lawo linayamba kugwedezeka. Mtsikana wina anaimba nthungululu, ndipo kuseka kunayambira kutsogolo mpaka kwa amene anaima pamatumba. Aliyense ankafuna kuikapo dzanja. Bambo amene anafunsa za magazi uja ndi amene anakhalitsa pamzere, anayesa ndi chipewa, ndi sefa, ndi pepala la pulasitiki, n'kumalengeza kwa anzake kuti pulasitiki ikudutsa.

Kenako tinasamutsira nyimboyo ku babu la kudenga limene ndinali nditalikonzeratu, kasola kali patebulo pansi pake. Apa anthu anasiya kufunsa, anayamba kuvina, fumbi la tiyi lili kobo. Amayi anu anali atabwera kudzaonerera ndipo ndinawaona pakati pa anzawo akale, chitenje atamanga m'chiuno. Bwana Sambani anachoka pakhomo paja pang'onopang'ono, anafika patebulo n'kuwerama kuti aone bwino kasolako. Chithunzithunzi cha mutu wawo chinaphimba kuwala, nyimbo inaduka, anthu onse anaima miyendo ili m'mwamba. Mayi Makwinja anati, "Bwana, tachokani pakuwalapo, mukutiimitsira gule." Bwanayo anabwerera m'mbuyo, nyimbo inayamba. Kenako, munthu wodekha uja, anavula chipewa n'kuyamba kuphimba ndi kuchotsa dala, azimayi n'kumauma ngati zitsa nyimbo ikaduka. Shifiti inalowa mochedwa tsiku limenelo ndipo palibe amene analembedwa kuti wachedwa. Potuluka bwana anandigwira paphewa. Mawa lake anandipatsa moni ali patali.

Timabokosi tija tinaika m'fakitale monse mvula isanagwe. Si kuti zonse zinayenda bwino. Fumbi la tiyi linkaphimba timaso ta matabuleti mpaka makapitawo anazolowera kuyenda ndi kansalu, ndipo m'makona ena momwe kuwala sikunkafika bwino chithunzi chinkaima. Koma nyengo yonse ya masamba ambiri kapitawo ankaona kutentha kwa dilaya nthawi yomweyo ali kulikonse pansi pa babu, ndipo fungo la tiyi wopserera linasowa. Azimayi a ku sotingi akaona kapitawo akuvutika ankamuuza okha kuti asunthe, waima pamthunzi. Ngati kampani idzapitirize nazo sindikudziwa, zimenezo ndi za amene ndinawasiyira makwerero. Mapepala anga bwana anasaina, ndipo pa maganyu amandiitanabe.

Chotsala ndi tochi ija. Msonkhano utatha mayi Namate anaipempha kuti achotse timawaya tija, koma mayi Makwinja anaikulunga m'chitenje. "Musiye choncho," anatero. "Abambo akunyumba sangandikhulupirire ndikawauza pakamwa." Ndinawafotokozera kuti tochi payokha siingaimbe, pafunika kabokosi, kasola ndi sipika. Anati ndiye ndibwere nazo. Mayi Namate anandisiyira kabokosi kamodzi, ndipo tsiku lopuma lotsatira ndinakweza sipika pakabaza, ine pakabaza wina kasola kali pamiyendo, ulendo wa kumudzi kwa a Makwinja. Tinakonza zonse m'nyumba, titatseka mawindo kuti dzuwa lisasokoneze, ana a mudzi wonse atadzaza pakhomo. Bambo Makwinja, mkulu wowonda wosalankhulalankhula, anamvetsera nyimboyo atagwira chibwano. Anaika dzanja patsogolo pa tochi, anachotsa, anaikanso. Kenako anaitenga, anaitembenuzatembenuza, n'kuyang'ana akazi awo.

"Ndiye kuti zaka zonsezi," anatero, "takhala tikupita naye kuchimbudzi munthuyu, osadziwa kuti ndi woimba."